Bishopu Chauncy Maples (1852–1895): Amene Agona M'tchalitchi cha ku Nkhotakota



Zaka zino pakati pathu pafika chizolowezi chabwino. Magulu a amayi akumasonkha kandalama, kupangana ndi mwini minibasi, n'kupita kukaona matchalitchi akale a mpingo wathu. Masiku ano pafupifupi aliyense ali ndi foni yojambula, choncho pobwerera timakhala ndi zithunzi zambirimbiri: khomo la tchalitchi, belu, guwa, mawindo, ndi gulu lonse litaima pamzere mu yunifomu. Ena afika pochikonda kwambiri chizolowezichi, moti akamva za tchalitchi chakale sagona tulo mpaka atakachiona ndi maso.

Koma wina akafunsa kuti tchalitchi ichi anamanga ndani, kapena amene agona pansi pa mwala uwu ndani, ambiri timangoyang'anizana. Chithunzi chopanda mbiri chili ngati botolo la mankhwala lopanda chizindikiro. Ungalisunge bwino m'kabati, koma tsiku lofunika silithandiza aliyense.

Kwa ife a dayosizi ya Lake Malawi, tchalitchi chachikulu ndi All Saints ku Nkhotakota. Kuchokera muno mu Lilongwe kudzera ku Salima ndi ulendo wa makilomita pafupifupi 200. M'kati mwa tchalitchichi muli manda a munthu amene anatumikira mu Africa zaka 19, koma anakhala bishopu masiku 65 okha, ndipo sanafike n'komwe pa mpando wake. Dzina lake ambiri timalidziwira pa sitima yapanyanja. Munthuyo ndi a Chauncy Maples. Tiyeni timve mbiri yawo, kuti tikadzaima pamandapo ndi foni m'manja tidziwe chimene tikujambula.

Kubadwa ndi maitanidwe

A Maples anabadwa pa 17 Febuluwale 1852 kufupi ndi mzinda wa London ku England. Bambo awo, a Frederick Maples, anali loya. Dzina loti Chauncy ndi la kuchikazi, la mtundu wa amayi awo. Banjali silinali losauka, ndipo mwanayo anaphunzira pa sukulu yotchuka ya Charterhouse, kenako ku University College ku Oxford. Kumeneko anapeza mnzake wa moyo wonse, William Percival Johnson, amene akuluakulu a m'mphepete mwa nyanja ankamusimba mpaka posachedwapa.

Kuti timvetse chimene chinawakoka anyamata awiriwa, tibwerere m'mbuyo pang'ono. Mu 1857 David Livingstone analankhula ku Cambridge, kupempha kuti anthu apite kukalalikira ndi kukathetsa malonda a akapolo m'kati mwa Africa. Pempholi ndilo linabala bungwe la Universities' Mission to Central Africa, kapena kuti UMCA, kholo la mpingo wathu kuno. Bishopu woyamba, a Charles Mackenzie, anafika ku Magomero mu 1861, koma malungo anawatenga pa 31 Januwale 1862. Nkhondo, njala ndi matenda zinachititsa kuti mishoni ichoke, ndipo mu 1864 Bishopu Tozer anaisamutsira ku Zanzibar. Komabe mtima wa UMCA sunachoke ku nyanja yathu. Madzi saiwala khwawa.

Bishopu wachitatu, a Edward Steere, anapempha anyamata a ku Oxford ndi Cambridge kuti adzipereke. A Maples anali atadzozedwa udikoni mu 1875 ndipo ankatumikira mu tchalitchi china mu Oxford momwemo. Anayankha pempholo, nanyamuka mu 1876 ali ndi zaka 24. A Johnson anatsatira chaka chomwecho. Amayi a Mothers' Union, chakachi tichisunge pamtima, chifukwa ndi chaka chomwecho chimene mayi Mary Sumner anasonkhanitsa amayi koyamba ku Old Alresford, pomwe panayambira bungwe lathu.

Ntchito ya UMCA sinali yolemeretsa munthu. Atumiki ake sankalandira malipiro enieni, koma chakudya, pogona ndi kandalama kochepa kogulira zovala, ndipo kawirikawiri sankakwatira. A Maples sanakwatire moyo wawo wonse.

Ku Zanzibar ndi ku Masasi

Atafika ku Zanzibar anapeza Bishopu Steere akumanga tchalitchi cha Christ Church pamalo pomwe panali msika wa akapolo, umene unatsekedwa mu 1873. Kumeneko anadzozedwa unsembe, nayamba kuphunzitsa anyamata a pa sukulu ya Kiungani. Anyamatawa anali ana owomboledwa m'zombo za akapolo. Ambiri anali Anyanja ndi Ayao ogwidwa m'madera a nyanja yathu ino, ndipo ena anawolotsedwa pa doko la Nkhotakota pa ulendo wa ku Kilwa. Tinganene kuti a Maples anakumana ndi abale athu asanaione n'komwe nyanja yathu.

Mu 1876 Bishopu Steere anatenga gulu la anthu owomboledwawa kuti awabwezere chakwawo. Atayenda mtunda wautali anthuwo anatopa, ndipo anakhazikika pa Masasi, kumwera kwa dziko limene lero ndi Tanzania. Mu 1877 a Maples anatumizidwa kukayang'anira mudzi watsopanowu. Mnyamata wa zaka 25 anapezeka ali wansembe, mphunzitsi, woweruza milandu, wopereka mankhwala ndi woyang'anira minda, zonse pakamodzi.

Chimene chinaonekera msanga ndi luso lawo la zilankhulo. Sanafune kulalikira kudzera mwa womasulira. Mu 1879 anasindikiza kabuku kothandiza kuphunzira Chimakua, mu 1880 Uthenga Wabwino wa Mateyu m'Chiyao, ndipo mu 1888 buku la mawu a Chiyao ndi Chingerezi. Mu 1881 anayenda pansi miyezi ingapo m'dziko la Amakua kumpoto kwa Mozambique, kufufuza ngati mishoni ingatsegule malo ena kumeneko. Anapalananso ubwenzi wolimba ndi mfumu Matola ya ku Newala.

Chaka cha 1882 chinali cha misozi. Mnzawo Charles Janson, amene anatsagana ndi a Johnson kufika kunyanja, anamwalira pa Chia kutsidya kwa nyanja. Mu Ogasiti Bishopu Steere anamwalira ku Zanzibar. Mu Sepitembala gulu lankhondo la Angoni, amene kumeneko ankawatcha Magwangwara, linathira nkhondo mudzi wa Masasi. Nyumba zinatenthedwa, anthu ena anaphedwa, ena anagwidwa, ndipo a mishoni anachita kuwombola amene anatha kuwawombola ndi nsalu ndi katundu wina. Taganizani, amayi, munthu amene anapulumuka ukapolo kamodzi n'kugwidwanso kachiwiri pakhomo pa tchalitchi. Ntchito ya zaka zisanu inasanduka phulusa tsiku limodzi. A Maples sanalongedze katundu kubwerera kwawo. Mu 1883 anasamutsira likulu la ntchitoyo ku Newala, nayambanso.

Pa chilumba cha Likoma

Nthawi yonseyi a Johnson anali akulimbikira za kunyanja. Maganizo awo anali oti mishoni ikhale ndi sitima yoyendera midzi ya m'mphepete mwa nyanja, ndi malo amodzi otetezeka ku nkhondo. Sitimayo, yotchedwa Charles Janson, inalumikizidwa ku Matope pa mtsinje wa Shire mu 1885, ndipo chaka chomwecho mishoni inakhazikika pa chilumba cha Likoma. Mu 1886 Bishopu Smythies anatumiza a Maples kukatsogolera ntchito kumeneko monga akidikoni.

Abwenzi awiri a ku Oxford aja anakumananso, ndipo anagawana ntchito molingana ndi mphatso zawo. A Johnson, amene matenda a maso anali atawasiya akuona pang'ono ndi diso limodzi, ankakhalira m'sitima, kuzungulira midzi. A Maples ankakhala pachilumba, kuyang'anira mapemphero a tsiku ndi tsiku, sukulu za anyamata ndi atsikana, kuphunzitsa ofuna ubatizo, ndi nyumba yosindikizira mabuku kumene anyamata a pa Likoma anaphunzira ntchito yosindikiza. Mu 1893 anayambitsa nyuzi yotchedwa Nyasa News, imodzi mwa zoyambirira kusindikizidwa m'dziko muno. Mutu umodzi susenza denga. Woyendayenda ankafuna wina wosunga pakhomo, ndipo wosunga pakhomo ankafuna wina wopita kutali.

Awiriwa sanagwire ntchitoyi okha. M'midzi ya kutsidya, monga ku Msumba ndi ku Chia, amene ankagona ndi kudzuka ndi anthu anali aphunzitsi achikuda ochokera ku Kiungani. Mmodzi wa iwo anali Augustine Ambali, amene anagwidwapo ukapolo ali mwana, ndipo anatumikira ku Msumba zaka zambiri mpaka anadzakhala wansembe. Wina anali Yohana Abdallah, mwana wa mfumu ya Chiyao ya kufupi ndi Masasi, amene anagwira ntchito ku Unangu, mishoni yotsegulidwa mu 1893. Ndipo pa sukulu ya ku Chia panali kamnyamata kotchedwa Leonard Kamungu, kamene kanadzakhala wansembe mu 1909, n'kukamwalira ku Msoro m'dziko la Zambia mu 1913. Sukulu yathu ya zaubusa ku Zomba imatchedwa ndi dzina lake. Cholinga cha UMCA chinali chakuti mpingo wa kuno udzatsogoleredwe ndi ana a kuno, opemphera m'chilankhulo chawo, ndipo a Maples anali mmodzi wa amene ankalimbikira zimenezi.

Pali nkhani ina ya pa Likoma imene ife amayi sitiyenera kuidumpha. Malo amene pali tchalitchi chachikulu cha St Peter's amatchedwa Chipyela, chifukwa ndi pomwe ankawotcherapo anthu onenezedwa ufiti. M'masiku a a Maples mchitidwewu unali usanathe, ndipo iwo ankautsutsa poyera. Amene ankapsa pamenepo kawirikawiri anali anthu opanda wowalankhulira. Pomwe panali moto wopha anthu ndi pomwe pambuyo pake panadzaima guwa. Lamulo loletsa kunenera munthu ufiti linakhazikitsidwa m'dziko muno mu 1911, koma tonse tikudziwa kuti m'zaka zathu zomwe zino agogo okalamba akhala akumenyedwa, kuthamangitsidwa m'midzi, ngakhale kuphedwa kumene, chifukwa cha mawu omwewo. Amene akajambule tchalitchi cha Likoma n'kubwerera kudzakhala chete pamene gogo wa pafupi naye akutonzedwa, wajambula miyala yokha.

Matchalitchi amene a Maples ankapempheramo pa Likoma anali a mitengo, bango ndi udzu. Chakumapeto kwa 1892 moto unatentha tchalitchi ndi nyumba zina za mishoni, pamodzi ndi mabuku ambiri amene anasonkhanitsidwa movutikira. Kachiwiri m'moyo wawo anaona ntchito yawo ili phulusa, ndipo kachiwiri anayambanso kumanga.

Malungo

Ine amene ndinagwira ntchito ya unamwino zaka zambiri, ndikamawerenga mbiri ya anthu amenewa ndimaona odwala. Wansembe George Swinny, amene anatsegula nawo mishoni ya Likoma, anamwalira mu 1887. George Sherriff, woyendetsa sitima, anamwalira mu 1891. Bishopu Smythies anamwalira mu 1894 ali m'sitima panyanja yamchere. Bishopu Wilfrid Hornby, woyamba wa dayosizi yatsopano ya kunyanja imene inakhazikitsidwa mu 1892, anatula pansi udindo mu 1894 chifukwa cha kudwaladwala.

Anthuwa anali ndi kwinini, koma sankadziwa chimene chimabweretsa malungo. Ambiri ankaganiza kuti ndi mpweya woipa wa m'madambo. Kuti udzudzu ndiwo umanyamula tizilombo ta malungo, Ronald Ross anazitsimikiza ku India mu 1897, a Maples atamwalira kale zaka ziwiri. Dokotala Robert Howard atafika kunyanja mu 1899, anaumiriza za nyumba zomangidwa bwino, kugona m'masikito ndi kumwa kwinini mwadongosolo, ndipo imfa pakati pa atumiki zinachepa. Chipatala cha St Anne's ku Nkhotakota, choyandikana ndi tchalitchi cha All Saints, chinayamba m'zaka zomwezo, mu 1902. Neti imene ena aife timaiyesa chinthu wamba, n'kumatchingira nayo dimba kapena kuphera usipa, anthu ophunzira a ku Oxford anafa posadziwa ntchito yake.

A Maples anadwala malungo nthawi zambiri pa zaka 19 zimenezi, koma anapulumuka. Chimene chinawatenga si chimene aliyense ankachiopa.

Ulendo womaliza

Bishopu Hornby atatula pansi udindo, maso onse anayang'ana kwa a Maples. Anadzozedwa ubishopu pa 29 Juni 1895, tsiku la Petro Woyera, mu St Paul's Cathedral ku London, ndi dzina loti Bishopu wa Likoma. Sanachedwe ku England. Ananyamuka, nalowera pa mtsinje wa Zambezi, kukwera Shire, mpaka ku Fort Johnston, kumene lero timati ku Mangochi.

Kumeneko anakwera boti lachitsulo la mishoni loyendera matanga, lotchedwa Sherriff pokumbukira woyendetsa sitima uja. Anali ndi mtumiki wina wosadzozedwa, Joseph Williams, ndi amalinyero achikuda. Ankalunjika ku Nkhotakota, kumene wansembe Arthur Fraser Sim anali atatsegula mishoni mu 1894, kuti kuchokera uko awolokere ku Likoma. Anthu a pachilumba anali akudikira bishopu amene ankamudziwa kale, wolankhula chilankhulo chawo.

Pa 2 Sepitembala mphepo inakula panyanja, koma ulendo unapitirira mpaka usiku. Cha kufupi ndi Rifu, m'boma la Salima, boti linagubuduzika. A Williams anamira pomwepo, ndipo thupi lawo silinapezeke. A Maples ankadziwa kusambira, koma anali atavala mkanjo wawo wautali wa unsembe, umene utanyowa unalemera n'kumawakokera pansi. Amalinyero anayesetsa kuwathandiza. Monga anafotokozera amalinyerowo pambuyo pake, bishopu ataona kuti mphamvu zikutha anawauza kuti awasiye, adzipulumutse okha. Iwo anasambira mpaka kumtunda, ndipo ndi amene anakanena za ngoziyo. A Maples anali ndi zaka 43.

Patapita masiku thupi lawo linapezeka m'mphepete mwa nyanja, ndipo chimene anawazindikirira ndi mkanjo womwe uja. Analitengera ku Nkhotakota, naliika pamalo a mishoni yatsopano, pamene pambuyo pake panamangidwa tchalitchi cha All Saints. N'chifukwa chake manda awo ali m'kati mwa tchalitchi. A Sim, amene bishopu ankapita kukawaona, anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho. Mu Ogasiti wansembe wina, George Atlay, anali ataphedwa ndi gulu lankhondo kutsidya kwa nyanja. M'miyezi itatu mishoni inataya bishopu, ansembe awiri ndi mtumiki mmodzi.

Pano ndilankhulenso ngati namwino. Nyanja siyang'ana udindo. Nsalu yonyowa imalemera, ndipo ife amayi timakwera bwato titavala zitenje ziwiri, juzi, duku, mwana kumsana. Gulu likapangana ulendo wa pamadzi, pasakhale manyazi kufunsa majekete oyandamitsa munthu, kukana bwato lodzaza mopitirira muyeso, ndi kumvera eni nyanja akanena kuti lero mwera wakula, tigone konkuno.

Zimene zinatsala

Kumaso kwa anthu, ubishopu wa a Maples unatha usanayambe. Sanadzoze wansembe pa Likoma, sanakhale pa mpando wawo ngakhale tsiku limodzi. Koma ntchito inali itazika kale mizu mwa aphunzitsi ndi akhristu a m'midzi. Mu 1896 dokotala John Edward Hine anadzozedwa kulowa m'malo mwawo. Mu 1897 mlongo wawo, Ellen, anasindikiza buku la mbiri ndi makalata awo, ndipo zambiri zimene tikudziwa lero zinasungika chifukwa mayi ameneyu anasamala mapepala a mlongo wake.

Abwenzi ku England anasonkha ndalama zopangira sitima yachikumbutso. Inapangidwa ku Glasgow, n'kuphwasulidwa m'zidutswa 3,481, zimene zinabwera pa Zambezi ndi Shire. Pamene mathithi a Shire anatsekereza njira, anthu a kuno anazisenza pamutu ndi kuzikoka pamtunda. Sitima ya Chauncy Maples inalowa m'madzi mu 1901. Kwa zaka zoposa 50 inali tchalitchi, sukulu ndi chonyamulira odwala cha midzi ya m'mphepete mwa nyanja. Mu 1953 mishoni inaigulitsa ku boma, ndipo pambuyo pake inanyamula anthu wamba, monga ena mwa ife tikukumbukira. Maganizo oisandutsa chipatala choyandama, amene anayambika ku Monkey Bay m'zaka za m'ma 2000, sanafike pamapeto.

Pa Chipyela, Bishopu Gerard Trower anaika mwala wa maziko a St Peter's mu 1903. Wojambula mapulani ndi kuyang'anira ntchito anali Frank George, koma manja amene anaphwanya miyala ndi kusenza dothi anali a amuna ndi akazi a pa Likoma ndi midzi yoyandikana. Tchalitchichi chinatsegulidwa mu 1905, n'kupatulidwa mu 1911. A Johnson anakhalabe panyanja mpaka anamwalira ku Liuli mu 1928. Mwana wa pa Likoma, a Josiah Mtekateka, obadwa mu 1903, chaka chomwe cha mwala wa maziko, anadzakhala bishopu woyamba wachimalawi mu 1965, ndiponso bishopu woyamba wa dayosizi ya Lake Malawi mu 1971. Chimene a Maples ankachiyembekezera chinatenga zaka 70 chimwalirire iwo, koma chinafika.

Mayina amene sanalembedwe

Tikamalemekeza a Maples tisaiwale kuti anali munthu wa nthawi yawo. Anafika dziko lino lisanakhale pansi pa Angerezi, ndipo anamwalira patapita zaka zinayi ulamuliro wa atsamunda utalengezedwa mu 1891. Mbiri ya nthawi imeneyo inalembedwa ndi azungu, ndipo inasunga kwambiri mayina a azungu. Tikudziwa tsiku lobadwa la bishopu, sukulu yake, dzina la bambo ake. Koma mayina a amayi amene ankatunga madzi omangira tchalitchi, a akazi a aphunzitsi amene ankaphunzitsa atsikana m'midzi, a amene anasenza zitsulo za sitima, ambiri anapita ndi eni ake. M'zithunzi zakale za mishoni kawirikawiri mzungu amatchulidwa dzina, pamene ena onse amangotchedwa gulu la akhristu.

Mpata umenewu tingautseke ndife, ndipo chida chake chili kale m'zikwama zathu. Ambiri a ife a muno mu Lilongwe, kaya tikukhala ku Old Town, kaya tikugwira ntchito m'maofesi a ku Area 13 ndi City Centre, makolo athu anachokera ku Likoma, ku Nkhotakota, ku Ntchisi, ku Malindi. Ana ndi adzukulu athu anabadwira m'tauni. Ena sanaonepo tchalitchi chimene agogo awo anabatizidwiramo. Tikapanda kuwasiyira zithunzi zokhala ndi mayina, adzayesa mpingo unayambira pa tchalitchi chimene amapitako Lamulungu.

Tikapita kukajambula

Gulu likafuna kuyendera tchalitchi chakale, lidziwitse wansembe wa parishiyo ndi amayi a kumeneko nthawi ilipo. Tisafike ngati alendo odzaona malo. Tifike ngati abale, tipemphere nawo, ndipo tisapite chimanjamanja, chifukwa matchalitchi akale ambiri ali m'manja mwa akhristu ochepa ndi osauka.

Nthawi ya Misa foni ikhale m'chikwama. Pojambula munthu, makamaka mwana kapena wodwala, tiyambe tapempha. Kunja, kuwala kwa m'mamawa ndi kwa madzulo ndiko kumaonetsa bwino njerwa ndi miyala, ndipo dzuwa likhale kumbuyo kwa wojambula. M'kati, manja akhazikike, chifukwa matchalitchi akale amakhala ndi kamdima.

Tisajambule gulu lokha. Tiyandikire mwala wa maziko, zolembedwa pamanda ndi pakhoma, belu, malo obatizira, mpaka zilembo ziwerengeke. Wansembe akalola, tijambulenso masamba a mabuku akale a ubatizo ndi maukwati, amene chiswe ndi chinyontho zikuwadya mwakachetechete. Tikaona mng'alu pakhoma, denga lodontha kapena mtengo wofumbwa, tijambule n'kupereka chithunzicho kwa akuluakulu a parishi. Kuchipatala tinkati bala limene laonedwa msanga silidula mwendo.

Koposa zonse, tikhale pansi ndi agogo a pamalopo. Tiwafunse amene anaumba njerwa, amene anali mphunzitsi woyamba, amene anayambitsa Mothers' Union pamenepo, ndipo tilembe. Tikabwerera, zithunzi zingapo zitsukidwe, kumbuyo kwake kulembedwe malo, tsiku ndi mayina a onse amene akuoneka. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, imafa. Nthambi iliyonse ikhale ndi buku lake la zithunzi, losungidwa ndi mlembi.

Malo oyendera alipo ambiri: All Saints ku Nkhotakota, St Peter's ku Likoma, St Martin's ku Malindi, St George's ku Zomba, matchalitchi a ku Mpondasi ndi ku Matope, ndipo kwa amene angathe kuwoloka malire, Msumba ku Mozambique ndi Msoro ku Zambia. Koma tisaiwale za pakhomo. St Peter's ya ku Area 3 ili ndi mbiri yake. Maparishi amene anabadwa mzinda uno utakhala likulu la dziko mu 1975 anayambira m'makalasi ndi pansi pa mitengo, ndipo ena mwa amayi amene ankasesa malo amenewo akadali nafe. Tiwajambule ndi kulemba mayina awo adakali moyo.

Ndikupempha nthambi zonse kuti pa msonkhano woyandikira 2 Sepitembala tidzawerengere limodzi mbiri iyi. Tidzathokoze Mulungu chifukwa cha Bishopu Chauncy Maples, Joseph Williams, amalinyero amene anayesa kuwapulumutsa, ndi amayi onse amene anamanga matchalitchi athu popanda wowalemba dzina. Tidzapempherere asodzi ndi onse oyenda panyanja, ndi okalamba amene akukhala mwamantha m'midzi yawo.

Ambuye akudalitseni nonse pamodzi ndi mabanja anu.